Chitseko cha Mkazi wa pa Eda

Abiti Sumani anafika pakhomo pa Shehe Twaliki swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, itangotha, dzuwa litapendeka koma kutentha kwa Novembala kusanaphwe. Chitunda cha ku Mbayani anachikwera mopumira, dzanja limodzi pabondo, lina litagwira mpango kuti mphepo yafumbi isawavule. Anali mayi wodziwika kuderako. Mdadada wa zipinda zisanu kumunsi kwa msika unali wawo, ndipo anaumanga okha amuna awo atamwalira, ndi phindu la kaunjika, chipinda chimodzi chaka chino, china mpaka ndalama itapezekanso. Mikeka ya mbali ya amayi mumzikiti anagula ndi iwo, ndipo sankalola kuti anthu aiwale msanga.

Anawapeza Shehe atakhala pakhonde, akulowetsa mabuku awo m'majumbo apulasitiki, lililonse m'jumbo lakelake. Nyumba yawo inali ya chipinda ndi balaza, yalendi nayonso, ndipo denga lake linali ngati sefa. Eni ake analonjeza malata atsopano dzinja lapitalo, koma dzinja lina linali pakhomo lonjezo lili chikhalire. Akazi a Shehe anayala mkeka, anabweretsa madzi akumwa, nakhala chapambali ndi lichero la nyemba, poti aziona koma osalowerera.

"Asalamu alaikumu, Shehe."

"Wa alaikumu salamu, amayi. Chitunda chimenechi si cha miyendo yanu. Mukanangotuma mawu, ndikanatsika ndine."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, Shehe."

Atafunsana za matupi, za ana ndi za mvula imene inkangoopseza osagwa, Abiti Sumani anayamba kuyala nkhani yawo. Anailongosola mwadongosolo, monga munthu amene wabwera akuibwereza mumtima njira yonse.

M'chipinda chakumapeto kwa mdadada wawo munkakhala Che Anafi, wakabaza wa njinga yamoto, ndi mkazi wake Asiyatu ndi ana awiri. Zaka zonse anakhalamo popanda kukwezerana mawu ndi munthu. Mu Seputembala lole inamugunda Che Anafi ali pantchito, ndipo Shehe omwewa ndiwo anatsogolera swala ya maliro ake. Njingayo inali ya bwana, bwanayo anadzatola zitsulo zotsala nkumapita. Chiyambire tsiku limenelo Asiyatu anali pa eda, nyengo ija mkazi wa Chisilamu amene amuna ake amwalira amakhala m'nyumba imene imfayo inamupezamo, miyezi inayi ndi masiku khumi, osadzikongoletsa, osagona kwina, kutuluka pokhapokha pali chosowa chenicheni. Eda ya Asiyatu inali yodzatha mu Januwale, mvula ili pakati. Lendi inaima tsiku limene njinga inaima.

Mwezi woyamba Abiti Sumani sanafunse kanthu. Wachiwiri sanafunsenso, ndipo ankatumiza ndiwo zikatsala. Kenako anatulukira Jafali, mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo, kuchokera ku Joni kumene mapepala anamuthera. Anafika chimanjamanja, ndi mkazi wake Lukiya ndi ana atatu. Kuchipinda kwa Abiti Sumani kunkagona kale iwo ndi mdzukulu wawo wamasiye, mtsikana wotha msinkhu, choncho banja lonse la Jafali linatsakamira pabalaza. Madzulo mipando ankaisanjikiza pakona, mwamuna, mkazi ndi ana nkugona pamphasa ziwiri zolumikiza. Mbandakucha, popita kukasamba m'manja ndi kumapazi kuti aswali, mayi wamkuluyo ankachita kulumpha miyendo ya mpongozi wawo, onse awiri nkumanamizira kuti wina sanamuone mnzake.

Jafali anayenda Mbayani yense, Chemusa, mpaka ku Chirimba, kufunafuna nyumba. Kwina ankafuna lendi ya miyezi itatu pamodzi munthu asanalowe. Kwina akamva za ana atatu ankati chimbudzi chidzadza msanga. Anyamata olondolera nyumba ankafuna yawoyawo pongomuonetsa khomo, khomolo nkupezeka kuti linalowedwa dzana. Tsopano Lukiya anali atanena poyera kuti mwezi ukatha akwera ya ku Namwera ndi ana, kwa makolo ake, kufikira mwamuna wake atapeza pogona pa anthu okwatira. Sananene mwachipongwe, ananena akulira. Koma Abiti Sumani anali ataona akazi ambiri akupita kwawo kuti akadikire, ndipo obwerako anali owerengeka. Zipinda zina zinayi sakanazikhudza: ndizo zinkadyetsa khomo lonselo ndi kugula mankhwala awo a shuga.

Anthu akamakamba nkhaniyi amafulumira kuwaweruza mayi amenewa, ati eni nyumba onse mtima ndi umodzi. Koma si chuma chimene chinawakweza chitunda tsiku limenelo. Anali kuona ukwati wa mwana wawo ukusweka pabalaza pawo, chipinda chimene anachimanga ndi thukuta lawo chili poteropo. Nayenso Asiyatu sankakakamira mwamwano. Kwawo ku Ntaja makolo onse anatha, malo a banja alongo ake anagulitsa, ndipo achibale a malemu anabwera pa sadaka, anadya, anatenga wailesi ndi matiresi, osabweranso. Amayi apamdadada anali atamuopsezanso kuti mkazi akatuluka pa eda isanathe, mwamuna wake sapuma m'manda. Ndiye anangoti sasuntha pokhapokha atamva pakamwa pa Shehe.

"Tsono funso langa ndi ili, Shehe," anatero Abiti Sumani, akuwongola msana. "Jafali akuti ku Joni anamva ophunzira za malamulo a Chisilamu akunena kuti mkazi wa pa eda, ngati nyumba ndi yalendi ndipo sangathe kulipira, eni ake nkuifuna, ndi wololedwa kusamuka kukamalizira eda kwina. Kodi mwanayu ananama?"

Shehe anamanga jumbo limene linali m'manja mwawo, naliika pamwamba pa anzake.

"Sananame, amayi. Ophunzira akale anatero ndithu. Mkazi akatulutsidwa, kapena akaopa pa moyo wake ndi ulemu wake, amasamuka, eda yake nkupitirira kumene wapitako. Alibe tchimo. Zoti mwamuna wake sapuma m'manda ndi zokamba za pamjigo, m'malamulo mulibe."

"Nanga nyumbayo ndi ya yani?"

"Ndi yanu. Palibe lamulo limene likukulandani."

Abiti Sumani anapuma mpweya wautali, mapewa nkutsika. Anali atakonzekera mtsutso, ndipo mayankho onse amene anabwera nawo anangowatsalira m'kamwa. Anamwa madzi aja, nayamika Mulungu kuti chipembedzo chake si cholemetsa. Kenako anapempha chimene anadzera: kuti Shehe atsike okha akamuuze Asiyatu mawu omwewo, popeza a wina aliyense sankawamva.

Shehe anavomera. Anati kubisa lamulo kwa munthu amene likumukhudza ndi kumubera, ndipo mkaziyo ayenera kumasulidwa ku mantha a bodza aja, asamuke kapena asasamuke. Anati atsika mawa lake ikatha swala ya masana.

"Koma mukudziwa mmene ndimachitira ndi amayi a pa eda," anawonjezera. "Sindilowa. Ndidzaima panja, ndidzagogoda, iye adzayankhira mkati chitseko chili chotseka, ana ake ali naye. Mukamuuze asadzavutike kutsekula."

Abiti Sumani anayang'ana kapu imene inali m'manja mwawo, naizunguza pang'ono. Nyemba zinasiya kulira m'lichero. Patali ndithu kumsika wina ankaitanira makala.

"Pali chovuta, amayi?"

"Chitseko palibe, Shehe."

Zotsalazo zinatuluka movuta, mawu amodziamodzi. Lachisanu lapitalo, amuna atabwerako ku mzikiti, Jafali ndi Lukiya anakangana pabalaza ana akuona. Jafali anatuluka, anabwereka hamala kwa kalipentala, napita kuchipinda chakumapeto. Sanamukhudze Asiyatu, sanamutukwane, sanaponde ngakhale mkati. Anangozula chitseko pafelemu, nachisenza. Ndi mmene eni nyumba ambiri amachitira m'makwalala muno munthu akakanika kutuluka: sakuthamangitsa, amangochotsa chitseko, kapena lata limodzi la padenga, udzudzu, akuba ndi manyazi nkumaliza ntchito yotsalayo. Abiti Sumani anali asanachitepo zimenezo kwa munthu chimangire mdadadawo. Tsikulo sanatume, komanso sanaletse. Asiyatu anapachika chitenje pakhomopo, natsamiritsa ndowa ndi mbaula kumunsi kwake kuti mphepo isamachikweze. Njira ya kumjigo inkadutsa pomwepo.

"Chili kuti tsopano?"

"Kuchipinda kwanga. Chatsamira khoma, kumapazi kwa bedi."

"Mukugona bwanji?"

Funsolo linafunsidwa mofatsa, ngati la kuchipatala, koma ndi limene linawatsegula pakamwa. Mawu a Abiti Sumani anakwera pang'ono, ulemu wokha osautaya. Anati Shehe asawayese chilombo. Anati miyezi iwiri anadyetsa ana a eni osawerengera, pamene abale a malemu enieniwo anatha ngati mame. Anati mzikiti unasonkha kamodzi pa maliro, nkuiwala. Anafunsa ngati Mulungu anawapatsa mwana mmodzi wamwamuna kuti amuone akusanduka mbeta ya pabalaza, adzukulu awo nkukakulira ku Namwera osawadziwa agogo awo. Anafunsa chifukwa chake chifundo chimafunidwa kwa iwo okha, mayi wamasiye wodwala shuga, pamene a mipanda ya njerwa kuseri kwa phiri ali ndi zipinda zogonamo agalu.

"Ndiuzeni inuyo, Shehe, popeza mabuku mwawerenga. Ndisankhe uti? Mwana wanga, kapena mwana wa eni?"

Shehe anayang'ana mulu wa majumbo uja. Anali munthu wochepa thupi, wa ndevu zaimvi, mkanjo wake wosokedwa papewa ndi ulusi wosiyana mtundu. Atayankha, sanakweze mawu.

"Zonse mwanenazi ndi zoona, ndipo sindichotsapo liwu. Mzikiti unaiwaladi, ndipo woyamba kuiwala ndi ine. Lachisanu ndidzaimirira ndipemphe. Koma ndisakunamizeni: amene ndidzawapemphewo ndi alendi okhaokha, ambiri a iwo akuthawa eni nyumba zawo pamsika. Chimene chidzasonkhedwe sichidzakwana chipinda. Mabuku onsewa ndawawerenga, amayi, ena kawiri, koma palibe limene lili ndi chipinda mkati mwake. Mukuona nokha, nawonso akusowa pobisala mvula."

Akazi a Shehe anaseka pang'ono chamumtima, osadzutsa mutu. Abiti Sumani sanaseke.

"Ndiye kuti yankho palibe."

"Loti aliyense agone bwino, ine ndilibe. Chipinda ndi chimodzi, mabanja ndi awiri. Akakhala Asiyatu, mwina Lukiya apitadi, ndipo sindingakulonjezeni kuti adzabwerera. Akalowa Jafali, Asiyatu akamalizira eda pakhonde la munthu, mu Januwale. Ndikanakhala ndi mawu osandutsa chimodzi kukhala ziwiri, ndikanayamba ndi nyumba inoyi."

Mphepo inadutsa ndi fungo la mvula ya kutali, lata lina lomasuka padenga nkuyamba kugogoda. Abiti Sumani anabwera kudzatenga chilolezo, ndipo anachilandira, koma chinali ngati ndalama imene sitolo zonse zikuikana. Anayamba kusonkhanitsa nsalu yawo kuti atsanzike.

"Musananyamuke, amayi, ndifunseko chimodzi. Ine ndinabwera kuno inu mutavula kale za eda. Munakhalira kuti?"

"M'nyumba yomwe ndilimoyi. Nthawi imeneyo inali ya zidina, chipinda chimodzi."

"Munali ndi ana aang'ono?"

"Jafali anali wa sitandade wani. Mlongo wake, malemu, anali kumsana."

"Anthu ankabwera?"

Anati ankabwera, mwinanso mopitirira. Amayi a mumzikiti, achibale a malemu odzawerenga mbale ndi mipando, oyandikana nawo odzaona ngati wamasiye akuliradi kapena wayamba kale kudzola mafuta. Tsiku lonse ankakhala pamphasa atafunda, nkhope ili gwa, kuyankha aliyense kuti zonse ndi za Mwini.

"Nanga munkalirira kuti?"

Zaka zonsezi palibe amene anali atawafunsapo Abiti Sumani zimenezo, ndipo iwo eni anali asanazikumbukire. Koma zinabwera zonse pamodzi: chitseko cha matabwa a mlombwa chimene amuna awo anakhoma ndi manja awo, mpiringidzo wake wolimba umene unkafuna kuukankha ndi phewa. Alendo akapita, ana akatuluka kukasewera, ankatseka, nkukhala pansi atatsamira matabwawo, nsonga ya mpango ili m'kamwa kuti mawu asamveke panja. Pamenepo pokha ndi pamene sanali Abiti Sumani wolimba mtima. Akamva mapazi, ankapukuta nkhope, ndipo mpata wa pakati pa kugogoda ndi kutsekula unkawakwanira kubwezeretsa ulemu wawo.

"Kuseri kwa chitseko," anatero, mawu ali pansi.

Shehe anagwedeza mutu, osawayang'ana kumaso, kuti awapatse mpata womwewo. Akazi awo ananyamuka ndi lichero nalowa m'nyumba. Mayi wamkuluyo atalankhulanso, kunyada kuja kunali kutachoka, kutatsala mantha okha.

"Ndikachibwezera, Shehe, satuluka. Jafali adzati ndasankha mlendo. Lukiya adzapita."

"Mwina zidzaterodi."

"Ndiye mukundilamula kuti ndimusiye akhale?"

"Ayi, amayi. Chimene Mulungu sanakulamuleni, ine sindingakulamuleni. Mukamusiya mpaka Januwale, ndi sadaka yoposa mikeka yonse ya mumzikiti, ndipo idzakudyerani zambiri. Mukalephera, mwalephera pa chinthu cholemera, ndipo ine sindidzakutchulani pagulu. Zimenezo zili pakati pa inu amasiye awiri ndi Mwini wa nyumba zonse. Mawu amene mwandipempha ndidzakanena onse, osachotsera: kuti akatulutsidwa alibe tchimo. Kungoti mudziwe kuti lamulolo likumasula wotulutsidwa. Za wotulutsa silinanene kuti zatha."

Anatola buku lomaliza limene linatsala pamkeka, nalipukuta fumbi ndi mkono wa mkanjo.

"Koma chitseko si mbali ya funso lanu, ndipo pa icho chokha ndiye ndili ndi yankho. Mwana wanu akusowa chipinda, ndi zoona, koma pabalaza pamene akugonapo pamatsekeka. Asiyatu mwamulanda pobisa nkhope. Munthu angathe kumuuza mnzake kuti nyumba ndikuifuna, namupatsa masiku, namuthandiza kusenza katundu. Koma kumuika wamasiye panjira ya kumjigo kuti maso a anthu amutulutse m'malo mwanu, chimenecho si ufulu wa mwini nyumba, ndipo palibe buku limene lidzakuikireni kumbuyo. Amene anachizula akachibwezere ndi manja omwewo, lero, mvula isanagwe. Mawa ndidzatsika monga ndalonjeza. Ndikadzapeza chitenje, ndidzabwerera osanena kanthu, chifukwa pa chitenje sindigogoda. Ndipo ngati Asiyatu adzatuluke m'chipinda chimenecho, amayi, adzatulukire pa chitseko chimene watsekula yekha."